Nyengo ya masamba oyoyoka: kodi inu mumachita chiyani ndi ana aang'ono?

aNaphiri, Leicester

Moni nonse apagulu. Chino ndi chaka chathu chachiwiri chibwerereni kuno ku England, ndipo ana athu awiri, wachisamba wa zaka zisanu ndi mng'ono wake wa zaka zitatu, ayamba kuzindikira kuti nyengo zikusintha. Lachisanu lapitali wamkuluyo adabwera kuchokera kusukulu atasunga tsamba lofiira m'thumba la jekete, nandifunsa kuti nyengo imene aphunzitsi ake akuitchula kuti autumn m'Chichewa timaitcha chiyani. Ndidatsala pang'ono kumuyankha kuti ndi masika, koma ndidazengereza, chifukwa masika amene ine ndikuwadziwa ndi a mu Epulo ndi Meyi, ndipo kwathu ku Balaka mwezi wa Okutobala ndi wa dzuwa loswa mtengo.

Chaka chatha nyengo imeneyi tidaithera m'nyumba chifukwa choopa kuzizira ndi mdima, ndipo ana adakhalira wailesi yakanema mpaka Khirisimasi. Chaka chino sindikufuna kuti zitero. Ndikupempha inu amene mudatitsogolera kuno kuti mutiuze zimene mabanja anu amachita kuyambira Seputembala mpaka Novembala, makamaka zimene ana osakwana zaka zisanu ndi ziwiri amasangalala nazo, ndipo zosafuna ndalama zambiri.

aBanda, Leeds

Zikomo amayi chifukwa cha funso limeneli. Pa nkhani ya dzina, ine ndikuona kuti simukadalakwitsa mukadamuuza mwanayo kuti ndi masika. Dzina limeneli limatsata zokolola, silitsata mwezi, ndipo kuno zokolola zimafika tsopano lino. Umboni wake uli kutchalitchi ndi kusukulu. Kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala kumachitika mwambo wa Harvest Festival, pamene ana amapemphedwa kubweretsa zakudya zam'zitini, mpunga ndi zina zosaonongeka msanga, zimene pambuyo pake zimaperekedwa kumalo othandiza anthu osowa chakudya. Nditauona koyamba mwambo umenewu ndidakumbukira Lamulungu lopereka masika kumpingo kwathu ku Mchinji, pamene amayi ankasenza dengu la chimanga, ena atanyamula mtedza, ena nkhuku yomanga miyendo, zonse n'kuziunjika kutsogolo kwa guwa.

M'banja mwathu tidapangana kuti ana azisankha okha chopereka chawo. Timapita nawo kusitolo Loweruka, aliyense n'kutenga zitini ziwiri, ndipo m'mawa wa tsikulo amazinyamula okha m'manja ngakhale zikhale zolemera. Madzulo ake ndimawaonetsa chithunzi cha nkhokwe ya agogo awo, n'kuwafotokozera kuti chimanga choyamba kutuluka m'menemo chinkapita kwa Mulungu ndi kwa osowa. Mwana wanga wa zaka zinayi tsopano amanena yekha kuti akukapereka masika.

aNambewe, Northampton

Achemwali aNaphiri, chinthu choyamba chimene ndingakulangizeni ndi kugula majombo amphira ndi zovala zosalowa madzi za ana onse awiri, ngakhale zakaunjika. Mukadikira tsiku lopanda mvula mudzadikira mpaka Epulo. Mwana akafunda bwino, matope samuvuta, amavuta ife akuluakulu amene timaganiza zochapa.

Ife mwambo wathu waukulu ndi kutola conkers. Izi ndi nthanga zazikulu zofiirira, zonyezimira ngati zapakidwa polishi, zimene zimagwa m'mitengo ya horse chestnut kuyambira m'katikati mwa Seputembala. Zimagwa zili m'chikhokho chobiriwira chaminga, ndipo chimwemwe cha mwana chili pa kuponda chikhokhocho ndi jombo mpaka chitang'ambika, nthanga n'kutuluka yonyowa, yosalala, yosakhudzidwapo ndi munthu. Mwana wanga wamkazi amatha kukhala pansi pa mtengo umodzi kwa ola lathunthu, ndipo pobwerera matumba onse amakhala atatupa. Kunyumba timaziwerenga m'Chichewa, ndipo ndi mmene adaphunzirira kuwerenga mpaka khumi. Zina tidaziika m'mabowo a bawo imene bambo ake adabwera nayo kuchokera ku Mangochi, ngakhale kuti ndi zazikulu kuposa nkhomo zenizeni.

Ana okulirapo amaboola nthangazo, n'kulowetsamo chingwe, n'kumamenyanitsa mosinthana mpaka ya wina itasweka. Masewerawa ndi akale kwambiri, moti kuno ku Northamptonshire kumachitika mpikisano wake wa dziko lonse mwezi wa Okutobala. Koma chonde mverani ichi: conkers sadyedwa, ali ndi poizoni, ndipo wa zaka zitatuyo muzimuyang'anitsitsa kuti asaike mkamwa. Pali mtundu wina wodyedwa wotchedwa sweet chestnut, umene chikhokho chake chimakhala ndi minga yambiri yopyapyala ngati ya kanungu, pamene chikhokho cha conker chili ndi minga yochepa, yaifupi. Ngati simunazolowere kusiyanitsa, zodyazo gulani kusitolo.

aNaphiri, Leicester

Zikomo achemwali. Mitengo imeneyi ilipo iwiri panjira yathu yopita kusukulu, ndipo ndakhala ndikuwaletsa ana kutola chifukwa sindimadziwa kuti ndi chiyani. Mawa tidzanyamuka msanga kuti tikaimepo.

aNachisale, Glasgow

Ana anga, ine ndine gogo, ndakhala kuno ku Scotland zaka zoposa makumi awiri, ndipo tsopano ndikulera adzukulu. Ndiloleni ndichedwepo pang'ono chifukwa nkhani imeneyi imandikhudza mtima.

Ndili mtsikana ku Ntcheu, akuluakulu akamaliza kukolola, munda unkasanduka wathu ana. Tinkakunkha chimanga chimene chatsalira, mtedza wothothoka m'nthaka ndi timaungu tonyozeka timene amayi adatisiya dala, kenaka tinkamanga timisasa ta mapesi n'kuyamba masanje. Wina ankakhala mayi, wina bambo, wina mfumu, ndipo pankakhalanso fisi wobwera kudzalanda ndiwo. Tinkaphika zenizeni m'timiphika tophwanyika milomo, ndipo nsima yanga yoyamba ndidaiphikira kumeneko, yambulumbulu, koma tidaidya yonse. Palibe mkulu amene ankatiuza chochita.

Tsiku lina ndidatengera adzukulu kunkhalango ina yapafupi, ndipo ndidapeza ana a kuno atatsamiritsa nthambi zouma pamtengo, akumanga kachisakasa, mkati atayala masamba, akunamizira kuphika zipatso za mitengo ya oak pa khungwa. Ndidaima n'kunena mumtima kuti awatu ndi masanje. Kuyambira pamenepo, tchuthi cha mu Okutobala chikafika timapita kukachita masanje athu. Ndimanyamula mbatata zootcha kale zokulunga m'nsalu, mtedza wokazinga ndi tiyi m'fulasiki, chifukwa m'nkhalango zambiri kuno saloleza kusonkha moto. Ana amamanga nyumba yawo, ine ndimakhala mlendo wofika n'kuodira, ndipo amandilandira, kundipatsa pokhala ndi kundisambitsa m'manja asanandipatse chakudya. Ulemu wolandira alendo umene ndidalephera kuwaphunzitsa ndi pakamwa adauphunzira m'kachisakasa kameneko.

Mwina simukudziwa kuti tchuthi chimenechi anthu achikulire a kuno amachitchulabe kuti tattie holidays, chifukwa kale sukulu zinkatsekedwa kuti ana akathandize kukumba mbatata ya kachewere m'minda. Mnansi wanga wina wokalamba adandifotokozera za msana wopweteka ndi zala zozizira za masiku amenewo, ine n'kumuuza za kukumba mtedza, ndipo tidamvana ngati anthu a mudzi umodzi.

aMwale, Luton

Agogo, mwandikumbutsa kutali. Ine ndionjezepo za maungu, chifukwa ndi pamene mtima wanga umawawa nyengo ino. Mwezi wa Okutobala minda yambiri imatsegulidwa kuti mabanja akasankhe okha maungu, ndipo ana amasangalala kwambiri kukankha wilibala m'matope kufunafuna dzungu lalikulu kuposa onse. Ulendo umenewu ndi wabwino ndipo ife timapita chaka chilichonse. Chimene sindidachizolowerebe ndi kuona maungu amenewo atasemedwa nkhope, atayatsidwa kandulo usiku umodzi, mawa lake n'kutayidwa. Munthu amene adaonapo njala ya 2002 sangayang'ane zimenezo mtima uli m'malo.

Tsono kwathu lamulo ndi lakuti dzungu lolowa m'nyumba muno liyenera kudyedwa. Maungu aakulu ogulitsidwira kusema amakhala amadzimadzi ndi osazuna, choncho ana amasankha limodzi laling'ono loti ajambulepo ndi cholembera, ndipo ine ndimasankha a mtundu wa Crown Prince, otuwa kunja, ofiira ndi aufa mkati, amene amafanana kwambiri ndi maungu a kwathu. Amenewa timaphika futali wothira nsinjiro. Ntchito ya ana ndi kuchotsa nthanga ndi manja, kuzitsuka ndi kuziyanika pathireyi, kenaka timazikazinga ndi mchere pang'ono. Wamng'ono kwambiri sitimpatsa nthanga zathunthu kuopa kuti zingamutsamwe, timamusinjira.

Tilinso ndi kadimba kalendi, kamene kuno amati allotment, ndipo chifukwa chenicheni chimene ndidakalembetsera ndi nkhwani. Mu Seputembala ana amandithandiza kuthyola masamba anthete chisanu choyamba chisanagwe, pakuti usiku umodzi wokha wa chisanu choyeretsa udzu umafooketsa mpesa wonse n'kuuda bii. Mfutso weniweni ndi wovuta kuno chifukwa dzuwa silikwanira, choncho timasadzula masambawo, kuwafutsa pang'ono m'madzi owira, n'kuwasunga mufiriji youmitsa. Ana amakonda kwambiri ntchito yosadzula, ngakhale kuti amang'amba masamba ambiri. Amene mulibe dimba, dziwani kuti alipo alimi ochokera ku Zimbabwe amene amalima chimanga choyera kuno ku England, ndipo chachiwisi chimapezeka nyengo yomwe ino. Mwana wobadwira kuno akalawa mondokwa wootcha amazindikira kuti sweetcorn ndi chinthu china.

aNankhoma, Birmingham

Pepani kuti ndilowetsepo nkhani imene mwina tingasiyane maganizo, koma aNaphiri akumana nayo posachedwa. Pa 31 Okutobala pali Halloween, ndipo ana a m'kalasi ya mwana wanu ayamba kale kukambirana zovala zimene adzavale. Ine ndi abambo a kunyumba tidagwirizana kuti ana athu asavale za mizukwa, mafupa kapena afiti. Tidakulira kumene ufiti si nkhani yoseweretsa, kumene agogo okalamba amathamangitsidwa m'midzi chifukwa chonamiziridwa, ndipo sindingathe kumuveka mwana wanga chipewa cha mfiti n'kumaseka. Komabe chaka choyamba mwana wanga adalira pawindo poona anzake akudutsa ndi timadengu ta maswiti, ndipo ndidamva chisoni kwambiri. Tsopano timapita kuphwando la ana limene mpingo wathu umakonza madzulo omwewo, kumene amavala zowala, amavina ndi kulandira maswiti. Ndikufuna kumva mmene ena mumachitira.

aBanda, Leeds

Amayi aNankhoma, maganizo anu ndikuwalemekeza, ndipo za afiti ndi mizukwa ifenso sitilola. Koma ife timatuluka. Ana amavala ngati mkango ndi njuchi, timayenda mumsewu wathu wokha, ndipo timagogoda pa nyumba zokhazo zimene zaika dzungu lowala pakhomo, chifukwa chimenecho ndicho chizindikiro chakuti eni ake akulandira ana. Chimene chidandikopa n'chakuti usiku umenewu ndi umodzi mwa masiku ochepa pamene anthu a kuno amatsegulirana zitseko. Anansi amene tidakhala nawo zaka zitatu osadziwana maina tidadziwana pa tsiku limenelo, ndipo mayi wina wachikulire wa pakona tsopano ana amamutcha agogo. Banja lililonse lione chimene chikumbumtima chawo chikulola, koma mwana afotokozeredwe chifukwa chake, asangoletsedwa.

aNachisale, Glasgow

Kuno ku Scotland mwambo wake umatchedwa guising, ndipo mwana salandira kanthu asanaimbe nyimbo, kunena ndakatulo kapena kuseketsa eni nyumba. Mdzukulu wanga adaimba nyimbo ya Chichewa ya ku Sande sukulu pakhomo lina, ndipo eni nyumba adamupempha kuti abwereze.

aPhiri, Manchester

Ine ndinene za pa 5 Novembala, usiku wa Bonfire Night, chifukwa chaka chathu choyamba tidadzidzimuka kwambiri pomva kuphulika mbali zonse, mwana n'kulira usiku wonse. Chiyambi chake ndi chaka cha 1605, pamene Guy Fawkes adagwidwa pansi pa Nyumba ya Malamulo ku London akulondera migolo 36 ya wonga, imene iye ndi anzake ankafuna kuphulitsira mfumu James yoyamba. Kuyambira pamenepo anthu amasonkha chimoto chachikulu ndi kuphulitsa makombola pokumbukira kuti chiwembucho chidalephereka.

Kwa ana aang'ono ngati anuwo, malangizo anga ndi akuti mupite kuchionetsero chokonzedwa ndi akatswiri m'malo mogula makombola anuanu, muime kutali, ndipo wamng'onoyo mumugulire zotseka m'makutu. Timitengo tothetheka tija timene ana amagwira m'manja timatentha koopsa, ndipo alangizi a zachitetezo amati tisaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka zisanu. Amene muli ndi bwalo kuseri ndipo mukufuna kusonkha moto wanu, muyambe mwasuntha mulu wa nkhuni musanayatse, chifukwa akanungu amabisalamo pofuna pogona nyengo yozizira. Ife tikabwerako timaotcha mbatata pa mbaula panja, osati m'nyumba chifukwa utsi wa makala umapha, ndipo ana amaloledwa kugona mochedwa usiku umodzi wokhawo.

Popeza muli ku Leicester, musaphonye nyali za Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, mumsewu wa Belgrave, zimene zimayatsidwa mu Okutobala kapena Novembala. Mulinso pafupi ndi Bradgate Park, kumene agwape aamuna amabangula ndi kulimbana ndi nyanga mwezi wa Okutobala. Aoneni muli patali ndithu, ana muwagwire padzanja, chifukwa nyengo imeneyi nyamazo zimakhala zaukali.

aNangondo, Nottingham

Ndine namwino, choncho ndionjezepo mwachidule za thanzi. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kuno silikwanira kuti thupi lipange vitamini D, ndipo ife akhungu lakuda vutoli limatikhudza kwambiri, moti timalangizidwa kumwa vitaminiyu chaka chonse. Malangizo a NHS, bungwe la boma loona za umoyo kuno, ndi akuti ana a chaka chimodzi mpaka zinayi azilandira ma microgram 10 tsiku lililonse. Kutuluka panja n'kofunikabe kuti ana athamange ndi kugona bwino, koma sikulowa m'malo mwa madontho a vitamini D. Komanso mawotchi akabwezedwa ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, kunja kumada isanakwane 5 koloko, choncho majekete a ana akhale ndi zonyezimira kuti oyendetsa galimoto aziwaona.

aNazimbiri, Zomba

Ine ndikuwerenga zonsezi ndili kuno kumudzi, nditakhala pakhonde chifukwa m'nyumba simukukhalika ndi kutentha. Ndidabwerera zaka zinayi zapitazo, koma m'gulu muno sindidatuluke. ANaphiri, mwana wanuyo mumuuze kuti kunonso masamba amafiira. Mu Ogasiti ndi Seputembala mitengo ya mombo m'mapiri imatulutsa masamba atsopano ofiira ndi ofiirira, amene amasanduka obiriwira mvula isanagwe. Kwanuko tsamba limasintha mtundu pamene masiku akufupika ndipo mtengo ukubweza chakudya chake m'thupi usanalitaye, pamene kuno limafiira likadali lanthete. Mumuuzenso za msangu, mtengo umene umayoyola masamba m'dzinja pamene inzake yonse yabiriwira, n'chifukwa chake alimi amausiya pakati pa munda, pakuti chimanga chimakula bwino pansi pake.

Pakadali pano majakaranda achita maluwa m'misewu, mango akuyamba kupsa, anthu akumaliza kusosa ndi kugalauza, ndipo tikuyang'ana kumwamba kudikira chizimalupsa. Pamene ana anga anali aang'ono ku Sheffield, tinkaumitsa masamba okongola pakati pa mabuku olemera, n'kuwamata pa khadi limene tinkatumiza kwa amayi anga kuti lifike pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala. Amayi adamwalira chaka chatha, ndipo posanthula katundu wawo tidapeza makhadi onse asanu ndi limodzi ali m'Baibulo lawo, masambawo akadali ofiira.

aNachisale, Glasgow

Pepani mwana wanga, Mulungu apitirize kukutonthozani.

Ndinaiwala chinthu chimodzi, ndipo ndicho chachikulu kwa ine. Mdima umene aNangondo anenawo ambiri amadandaula nawo, koma ine ndimaulandira, chifukwa nthano sizikambidwa masana. M'chilimwe cha kuno dzuwa limalowa ana atagona kale, ndipo nthano zimasowa malo. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala, tikadya mgonero ndimazimitsa magetsi, n'kusiya kanyali kamodzi pansi pakati pathu ngati moto. Ndimayamba kuti, "Padangokhala," iwo n'kuyankha kuti, "Tili tonse," ndipo ngakhale wa zaka ziwiri amene satha kulumikiza mawu amadziwa poyankhira. Za Kalulu ndi Fisi ndazikamba kosawerengeka, koma ndikasintha ngakhale pang'ono amandikonza. Nyimbo ya mkati mwa nthano ndiyo imawagwira kwambiri, ndipo Chichewa chochuluka chimene ali nacho adachitola m'nyimbo zimenezo. Ndisanayambe ndimaika mbatata mu uvuni, kuti pomaliza ndikanena kuti, "Kaphuleni mbatata," iwo n'kufuula kuti, "Yapserera!" pakhale mbatata yeniyeni yoti akaphule.

Ngati nthano mudaziiwala, imbirani foni amayi anu kumudzi kuti akambe okha, ana amvere pa foni pomwepo. Mungokumbukira kuti mawotchi akabwezedwa kusiyana kwa nthawi ndi ku Malawi kumakhala maola awiri m'malo mwa limodzi, ndiye muziimba msanga agogo asanagone.

aNaphiri, Leicester

Zikomo kwambiri nonse, akuluakulu ndi abale anga. Usiku wathawu ndidawerengera bambo a ana uthenga uliwonse, ndipo pa wa aNazimbiri tonse tidakhala chete kwa kanthawi. M'mawa uno tidaima pansi pa mitengo ija, ana adatola conkers khumi ndi zinayi, ndipo tidafika kusukulu belu litangolira. Wamkuluyo ndamuuza kuti nyengo ino ndi masika a kuno, ndipo masamba ake asanu ali kale pansi pa mabuku. Pa 15 sangafike ku Balaka, koma titumizabe.

Loweruka tikupita ku Bradgate Park ndi mbatata m'nsalu monga mwanenera agogo. Za Halloween sitinagwirizanebe m'nyumba muno, tikambirananso Lamulungu tikachoka kutchalitchi. AMwale, chonde nditumizireni kumbali mmene munthu amalembetsera kadimba kaja, komanso mundiuze ngati nthanga za maungu a Crown Prince zingasungike mpaka nthawi yodzala, chifukwa ndikufuna ana adzadzale zimene atsuka okha.